Kiyi wa Pansi pa Njerwa

"Ndiye ndisawauze chilichonse?" anafunsa Maliya.

"Ngakhale kutsokomola ayi, mayi. Ife tiziyenda pambuyo pawo, pakamwa potseka."

Wolamulayo anali Zuleka, mtsikana wa kuchipatala amene ntchito yake ndi kuphunzitsanso odwala zochita za tsiku ndi tsiku. A Jimmy anagwa pa njinga yamoto potsika phiri la Zomba n'kumenyetsa mutu pamsewu. Bala panalibe, koma ubongo unagwedezeka. Kuwala kunkawalasa m'maso, ndipo ankaiwala ngati athira kale shuga mu tiyi. Mkazi wawo, Maliya, anasiya geni yake ya zipatso ku Ku Chawe kuti aziwasamala. Mng'ono wa Maliya, Ellah, ankathandiza. Kuchipatala Ellah ankalira kuposa mwini mwamuna.

Zuleka anayamba ndi zazing'ono m'kachipinda kake kuchipatalako: kumanga mabatani, kusankha nyemba, kupanga tiyi. Lero anatuluka nawo koyamba. Achoke pamsika waukulu, akafike kunyumba popanda wowalozera. Akakhoza, abwerera kuntchito.

"Musaganize kwambiri, bambo," anatero Zuleka. " Mapazi amakumbukira kumene anazolowera."

A Jimmy ananyamuka. Anayang'ana uku ndi uku asanawoloke msewu. Pa mlatho wa Likangala anakhota osakayika. Maliya anatsegula pakamwa, Zuleka n'kumutsina pamkono.

A Jimmy analowa kanjira ka pakati pa mipanda, n'kulambalala ngalande osayang'ana n'komwe pansi. Galu wa pakhomo anawathamangira akugwedeza mchira. Anawerama pang'onopang'ono, monga anawaphunzitsira kuti asachite chizungulire, n'kusolola kiyi pansi pa njerwa. Anavula nsapato n'kuvala masilipasi amene anali pakhonde. Anawakwana ndendende.

Zuleka anaomba m'manja. "Mayi, amuna anu achira! Afika okha, mpaka kiyi akumbukira!"

A Jimmy anatembenuka akumwetulira, kiyi m'mwamba ngati mwana amene wakhoza mayeso. Ataona nkhope ya mkazi wawo, dzanja linatsika lokha.

Kwawo n'ku Masongola. Iyi inali nyumba ya Ellah, imene a Jimmy ankati sadziwa n'komwe kumene ili.

"Bambo a Chiso," anatero Maliya motsitsa mawu, "masilipasi awa anakugulirani ndani?"