Wotchi ya Bambo Yaimanso

Kachitatu tsopano, mwana wamkazi wa telala anaika wotchi ya bambo ake pathebulo la wokonza mawotchi. Inali yotchipa, yagolide wabodza, timagudumu take tikuonekera pagalasi, koma mwa mawotchi khumi omwe telalayo ankasunga m'kabati, yapamtima inali imeneyi.

"Yaimanso. Kodi munaikonzadi, bambo?"

Wokonzayo anaigwedeza kawiri, timagudumu n'kuyamba kuvina.

"Ilibe vuto, mayi. Iyi siyendera batire, imayendera kugwedezeka kwa mkono. Mwina saivala."

"Saivula n'komwe! Amagona nayo."

"Nanga mkonowo amaugwiritsa ntchito?"

Apa mayiyo anakumbukira. Mwezi wonsewu bambo ake akhala akumwa tiyi, kumanga mabatani, ngakhale kuyala nsalu ndi dzanja limodzi, lamanzere lovala wotchilo lili phee m'thumba.