Meseji ya Lachiwiri

Panali mayi wina m'tauni mwathu muno ku Ohio, dzina lake Krystal Hutchins. Mapiritsi oletsa ululu anamulowerera mpaka boma linamulanda mwana wake Josie, wa zaka zisanu ndi chimodzi, n'kukamusiya kwa mchemwali wake. M'malo mopita kundende, Krystal analowa khoti la anthu ovutika ndi mankhwala osokoneza bongo, kuja jaji amakuombera m'manja ukachita bwino.

Kumeneko aliyense amapatsidwa mtundu wake, monga wofiira kapena wobiriwira. M'mawa uliwonse umaimba foni kukhoti, ukamva mtundu wako umakayezetsa mkodzo isanakwane 12 koloko. Ukapanda kupita, amangoti wamwa basi.

Mlangizi wake, Mayi Pruitt, anamuuza tsiku loyamba lomwe: "Uziimba wekha, Krystal. Osatuma munthu."

Koma Krystal ankalawirira kuntchito kufakitale ya nkhuku. Pabenchi ya khoti anadziwana ndi bambo wina wanthabwala, Duane. Onse awiri anali a mtundu wobiriwira.

"Asisi, muzivutikiranji? Ndiziimba ine, inu muzingolandira meseji," anatero Duane. "Ine tulo tinadana kalekale."

Miyezi inayi zinayenda myaa. Jaji Brannigan analonjeza kuti Loweruka lotsatira Josie akagona kwa mayi ake koyamba. Krystal anachita kupenta chipinda.

Lachiwiri meseji inafika: "Lero ndi wofiira, pumani." Chonsecho unali wobiriwira, ndipo Krystal sanakayezetse.

Lachisanu m'khoti, mayi wina woyandikana naye anamunong'oneza: "Ungoti galimoto inafa panjira. Tonse timatero."

"Mayi Hutchins, Lachiwiri munali kuti?" anafunsa jaji.

Krystal anaimirira. "Bwana, sindinaimbe foni. Miyezi inayi yonseyi sindinaimbepo ndekha. Amandiimbira ndi Duane, ndiye anandiuza kuti ndi wofiira."

Jaji anayang'ana pabenchi. Duane panalibe, anali atatumiza uthenga woti wadwala chimfine. Nkhope ya jaji inasintha.

"Mayi Pruitt, tengani wapolisi mupite kwa Duane. Pompano."

Kenako anatembenukira kwa Krystal. "Mukananama, ndikanakubwezani poyambira, chaka chinanso chathunthu popanda mwana. Mwanena zoona, ndiye Josie abwera pakatha masabata atatu. Koma mumuuze nokha."

Duane anakamupeza ali kwala m'bafa, milomo itada, akupumira m'mwamba. Anali atayambiranso mapiritsi kuyambira Lolemba, n'chifukwa chake anathawa kuyezetsa n'kunamiza Krystal kuti ndi wofiira. Anamupopera mankhwala m'mphuno, anatsitsimuka. Adokotala anati akanachedwa ola limodzi, bwenzi tikukamba za maliro.

Krystal anaimbira mwana wake ali pakhonde la khoti. Ine ndinali pomwepo, ndipo sindibisa, ndinalira. Mwanayo anali atalongedza kale kachikwama kake.

"Amayi, mwadwalanso?"

"Ayi mwanangu, sindinadwale. Ndinachita ulesi, ndalakwa ndine. Undidikire pang'ono."

Masabata atatu amenewo Krystal ankadzuka 5 koloko, foni kukhutu, yekha. Josie anabwera kudzagona, kenako anabwereratu.

Tsiku lomwe Krystal anamaliza khoti, Duane anabwera atavala taye yopotoka, akuomba m'manja kuposa aliyense.

"Asisi, munandineneza kwa jaji inu," anatero, misozi ili mbwembwembwe. "Zikomo. Mukanakhala munthu wosunga chinsinsi, bwenzi pano ndili m'manda."

Masiku ano Krystal saimbanso foni ija. Koma m'mawa uliwonse Josie akamadya phala amafunsabe: "Amayi, lero ndi mtundu wanji?"

"Lero ndi wako," amayankha choncho mayi ake, n'kumuperekeza kusukulu.

Phunziro: Ntchito yokonza moyo wako usatume munthu, ngakhale akhale wokoma mtima chotani. Ndipo ukalakwa, nena zoona zikuwawa chomwecho, pakuti bodza lotchinjiriza mnzako likhoza kumupha. Tithokoze majaji ndi alangizi amene satitaya tikagwa. Tumizani nkhaniyi kwa wina amene akulimbana ndi mankhwala, kapena kwa mayi ake amene akumudikira.