Dzira pa Buleki ya a Stoimen

Kagalimoto kobiriwira ka a Stoimen katalowa m'galaja, makaniko Dobri anayamba ndi kumva fungo. Matayala akutsogolo ankanunkha ngati mphika wopserera.

"Suzumira wekha, katswiri," anatero a Stoimen, akutsegula chitseko monyadira.

Dobri anasuzumira. Dzira linali pomwepo, lomangidwa ndi ulusi pamwamba pa chopondera buleki, lopanda ngakhale kamng'alu. Dzina lomwe iye mwini analemba pachigoba dzulo lake linkawerengeka bwinobwino. Amene analimangirira m'mawa umenewo anali wansembe wa mudzi wa kumtunda, munthu woti sanganame pa nkhani ya dzira.

Mkanganowu unali wakale. Mapadi a mabuleki amayenda makilomita zikwi makumi anayi asanathe, ndipo kwa anthu a m'mapiri a Rodopi ano mwina theka lake. A Stoimen ankawamaliza m'miyezi isanu. Chonsecho mkuluyu ankalumbira atagwira ndevu zake kuti chigulireni galimotoyo kwa malemu mlamu wake, mphunzitsi wa ku Smolyan, phazi lake silinapondepo buleki potsika phiri. Makona onse makumi awiri ndi atatu ankawadya ndi magiya okha. Buleki, malinga ndi iye, anaipangira anthu amantha. Ndiye ngati mapadi akutha osapondedwa, wakuba ndani? Si amene amawaikayo?

Lamlungu lapitalo, pamalo omwera khofi, kachasu wa rakiya atamukwera m'mutu, Dobri anamenya tebulo mudzi wonse ukumva. Anati dzira lomangidwa pa buleki ya a Stoimen likatsika phirilo lili lathunthu, achotsa chikwangwani cha galaja, chija anachilemba malemu bambo ake ndi dzanja lawo, ndipo sipanala sadzaigwiranso. Pakamwa pa munthu woledzera pamathamanga kuposa galimoto, ndipo palibe makaniko amene anapaikirapo buleki.

"Makwerero otsitsira chikwangwani uli nawo, kapena ndikabwereke?" anafunsa a Stoimen.

"Tadikirani kaye, achikulire. Ndione matayala."

Anakweza galimotoyo ndi jeke, a Nevena, akazi a Stoimen, ali momwemo. Sankatsika. Zaka zonsezi ankakhala kumpando wakutsogolo, akuluka masokosi, bulangete laubweya lili m'miyendo ngakhale mu Ogasiti muno, pamene phula limasungunuka. Mbali yawoyo kunali kagalasi kachiwiri koonera kumbuyo, komwe ankati n'kokonzera duku. Anthu ankawadziwa ndi zinthu ziwiri: kusalankhula, ndi kutha nsapato yakumanja yokha. Wosoka nsapato anachita kutopa nawo.

Dobri anachotsa tayala. Mapadi, omwe anawaika yekha pa Pasaka, anali atapyapyala ngati khungu la anyezi. Chitsulo chomwe amagwirapo chinali chitabiriwira ndi kutentha; atachikhudza anayamwa chala. Anayesa timapini toyendetsa mapadiwo: girisi analimo, tinkayenda bwino. Mafuta a mabuleki anali oyera, osinthidwa chaka chomwechi. Handibuleki sinkagwira ili pansi. Chilichonse chinkanena kuti alipo amene wapondaponda buleki kuchokera kumtunda mpaka kuno. Koma dzira linkakana, ndipo dzira linali ndi wansembe kumbuyo kwake.

"Ndiye bwanji?" a Stoimen anamuimirira pamsana. "Unene kuti nkhuku yanga imaikira miyala?"

"Sindinatero."

"Mapadi ako ndi a makatoni, Dobri. Amangodzidya okha. Bambo ako anali munthu, koma iwe ukanangogulitsa mavwende."

Mawu amenewo anamupweteka kwambiri. Zaka makumi atatu akuuza anthu kuti buleki ikayamba kulira asaidikire kuti isiye yokha, lero ndiye agonje kwa nkhuku! Anayang'ana chikwangwani chija pamwamba pa khomo, zilembo zake zopendekeka, misozi n'kulengeza. Mwina mkuluyu ankanena zoona. Mwina wogulitsa zitsulo wa m'tauni, komwe ankagula mapadi, ankamupusitsa chiyambire, iye n'kumapusitsa mudzi wonse osadziwa.

"Katengeni makwererowo. Ali kuseri."

A Stoimen anapita akuimba mluzu.

Dobri anabwezeretsa tayala, natsitsa galimoto, n'kugwada kuti amasule dziralo. Ngati ntchito yatha, angodyako chamasana. Kunsi kwa chiwongoleroko anali asanalowetseko mutu n'kale lonse, poti a Stoimen sankalola munthu wa manja agirisi kuyandikira mpando wawo. Akumasula ulusi, anaona kamtengo kachitsulo komangidwa kumsana kwa chopondera buleki. Kankadutsa pansi pa wailesi, kulowera mbali inayo, n'kukathera m'bulangete laubweya.

Anazungulira galimoto, n'kutsegula chitseko chinacho.

"Pepani, mayi. Tanyamulani pang'ono bulangeteli."

A Nevena analinyamula ndi chala chimodzi. Pansi pake panali chopondera buleki chachiwiri, chosalala mpaka kung'anima, nsapato yakumanja yakutha ili pomwepo.

"Mchimwene wanga ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto," ananong'ona, osasiya kuluka. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikuwatsitsa phiri bambowa. Ukawauza, mawa andisiya kunyumba n'kutsika okha."

Dobri anabwezeretsa bulangete lija bwinobwino, n'kutuluka kukagwirizira makwerero.