Baji Imene Dainess Anakwecha

Bokosi linali lotsekula patebulo la kukhitchini, ndipo aliyense anali chilili kupatula a Geraghty, mdala amene miyendo inawakana kalekale. Pansalu yofiira panagona mabaji khumi ndi anayi a asilikali a ku Germany, a nthawi ya nkhondo yachiwiri ija. Khumi ndi atatu anali otuwa ngati phulusa. Imodzi inkang'anima ngati supuni yatsopano.

"Iyi si ya bambo anga," anatero Cathal, mwana wa mdalayo, chala chili pa baji yowalayo. "Wina wachotsa yeniyeni n'kuikapo chidole. Nyumba ino timalowamo awiri, ine ndi iwe."

Dainess anagwira m'mbali mwa sinki. Zaka ziwiri anakhala akusambitsa ndi kudyetsa a Geraghty m'nyumba ya ku Mulhuddart imeneyi, kutali ku Ulaya, osasowetsapo ngakhale batani. Koma chaka chimenecho, 2010, anthu ankakayikirana ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Ntchito zomanga zinali zitaima, kampani ya Cathal itatsekedwa, ndipo bokosili ndilo linatsala loti agulitse.

Dainess sanabe. Anachita china. Lachiwiri, popukuta fumbi, anaona mabajiwo ndipo anamva chisoni. Kwawo ku Mchinji chitsulo chimene munthu sakudzionerapo nkhope ndiye kuti sichinatsukidwe. Anatenga sitiliwulu wokwechera mapoto n'kuyamba ndi imodzi, ya mfuti yopingasa pakati pa nkhata ya masamba. Akanamaliza onse, koma mdala anamuitana kuchipinda. Lachitatu ndi pamene anamva Cathal akuuza munthu pafoni kuti mtengo wa zinthu zimenezi uli m'kutuwa kwakeko.

"Katswiri akanena kuti ndi yabodza, ndikuimbira apolisi a Garda," anatero Cathal.

Mawu amenewo anamulowa Dainess m'mafupa. Chitupa chake chinali cha mwana wa sukulu, chomulola kugwira ntchito maola makumi awiri pa sabata. Iye ankagwira makumi asanu. Apolisi akanangofunsa mafunso awiri, funso lachitatu akanakayankhira pabwalo la ndege.

Katswiriyo anafika mvula ikuwaza. Anali a Kasuba, bambo wa ku Zambia amene anaphunzira za zitsulo kumigodi ya ku Kitwe, ndipo tsopano ankayeza zinthu zakale kunyumba ina ya okushoni mumzinda. Sanavule jekete. Anatulutsa maginito, kasikelo ndi kagalasi kokuzira zinthu.

Anayamba ndi baji yotchedwa Mtanda wa Chitsulo. Maginito anamata pakati pake, koma m'mphepete anakana.

"Zili bwino. Pakati chitsulo, m'mbali ayi," anatero m'Chingerezi. "Abodza ambiri amaumba chonse ndi chitsulo chimodzi."

Anatenga ina, naitembenuza, nayang'ana phini ndi kambedza kake. Ina anainunkhiza. Anafotokoza kuti nkhondo itavuta, Majeremani anasiya mkuwa n'kuyamba zinki, ndipo ankangopakapo kasiliva kopyapyala. M'kupita kwa zaka zinkiyo amameza silivayo, baji n'kutuwa. Kutuwa kotero munthu sangakugule m'sitolo.

Khumi ndi atatu onse anadutsa. Panatsala yowala ija.

A Kasuba anaiika pasikelo. Anaiyang'ana pagalasi nthawi yaitali, mpaka Dainess anamva wotchi ya pakhoma ikugunda m'mano mwake. Kenaka, osadzutsa mutu, analankhula motsitsa m'chinenero cha kwawo ku Zambia, chimene azungu awiriwo sankamva.

"Ba sister, munasebenzesa chani apa?"

"Sitiliwulu, achimwene," ananong'ona Dainess.

"Mayo ine! Munaiyesa poto?"

"Ndimati ndiwathandize. Chonde, musandiphetse."

"Ine boza sininama pa nchito, ba sister. Ningakambe chabe vamene naona."

"Mukukambirana chiyani?" anakalipa Cathal. "Lankhulani zoti tonse timve!"

A Kasuba anamupatsa galasi lija. Anamuonetsa kunsi kwa phini, kumene sitiliwulu sanafike. Kutuwa kunalipo, kofanana ndendende ndi kwa mabaji enawo.

"Palibe wasinthanitsa kanthu. Baji ndi yomweyo, ndipo ndi yeniyeni. Ndikanati ndiyo yoposa onse m'bokosi muno. Koma yakwechedwa. Zaka makumi asanu ndi limodzi zachoka m'mphindi zisanu, ndipo palibe munthu padziko lapansi angazibwezeretsepo. Wogula wodziwa zinthu sangaiyang'ane kawiri."

Khosi la Cathal linafiira mpaka m'makutu. Anatembenukira kwa Dainess pang'onopang'ono.

"Ndiwe?"

"Ndine, bwana."

"Kuba ndi kuwononga n'chimodzimodzi kwa ine. Ukafotokozera a Garda."

Anatulutsa foni m'thumba. Dainess anagwada. A Kasuba anayamba kulongedza zida zawo mwakachetechete, maso ali pansi.

"Ika foniyo pansi, mnyamata iwe."

Anali a Geraghty.  Anatambasula dzanja, ndipo a Kasuba anawaikira baji ija m'chikhatho. Mdalayo anaiyandikitsa kumaso, naisisita ndi chala chachikulu.

"Ameneyu akuti palibe angabwezeretse?" anafunsa. "Dainess, mwana wanga, undipezere vinyo wosasa, mwaye wa m'chumuni ndi kachitini. Pofika Lachisanu ikhala itatuwa ngati anzakewa. Ndi mmene ndinawatuwitsira onse khumi ndi anayi, nditawaumba ndekha kushedi kuseriku mu 1978."