Marozi a M'machubu

Panali munthu wina, mayi wogwira ntchito kubanki, amene anagula nyumba yokhala ndi mchenga wokhawokha m'mbali mwa mpanda. Ukathirapo madzi ankangolowa ngati wathira m'sefa. Mayiyo analemba ntchito bambo wina wachikulire wosamalira maluwa, amene anthu a mumsewumo ankangomutcha Madala.

"Ndikufuna marozi kuyambira pageti mpaka pakona," anatero mayiyo.

"Mayi, mchenga uwu susunga madzi. Tidzalemo alovera ndi khonje, kumapetoko nkhadze. Zimenezo ludzu sizilidziwa."

"Zomera kutchire, pakhomo panga? Inu zanu n'zokumba, zoganiza mundisiyire."

Loweruka mayiyo anapeza bambo wina wapakamwa pokoma akugulitsa marozi m'machubu m'mbali mwa msewu, onse atachita kale maluwa.

"Awa ndi akunja, bwana, ngakhale pathanthwe amagwira. Koma podzala musang'ambe chubu, mizu yake ndi yamanyazi."

Anagula makumi atatu. Madala atafuna kung'amba chubu chimodzi kuti aone mizu, mayiyo anawakalipira. Madala anadzala momwemo. Ankathirira m'mawa ndi madzulo, masana n'kumawatchingira dzuwa ndi makatoni. Sabata isanathe, onse anali atafota.

"Mwagulitsa anga, mwandiikira zinyalala," anatero mayiyo kwa Madala. "Nyamukani."

Madala anakulunga paipi bwinobwino, n'kuuza wantchito wa m'nyumba kuti mpopi wakuseri ukudontha, basi n'kutuluka. Tsiku lomwelo mayiyo analemba pagulu la pafoni la mumsewumo kuti aliyense asamale, mdala uja ndi wakuba. Nyumba zina zitatu zimene ankagwirako zinawachotsanso ntchito.

Patatha mwezi mayiyo anazula limodzi kuti ataye. Linatuluka mosavuta, lopanda muzu ndi umodzi womwe. Linali nthambi yodula ndi mpeni, yongozika m'dothi. Onse anali otero. Atabwerera kumsewu kuja kukafuna wogulitsa uja, mayi wogulitsa miphika anamuseka.

"Wa marozi odula uja? Inu ndinu wachisanu kubwera kudzamulira."

Mayiyo anafunsira njira mpaka kwa Madala. Mkazi wawo anamupukutira mpando, n'kumupatsa madzi akumwa.

"Ndabwera kudzawatenga, abwerere pantchito."

"Anachoka, mayi. Anagulitsa sizasi yawo yodulira maluwa n'kupita kutali kukafuna ganyu komwe sakuwadziwa. Zaka makumi awiri akulowa m'mipanda ya anthu, ngakhale ndimu lakugwa lokha sanatolepo. Munalemba pafoni kuti ndi wakuba. Zoti si wakuba mwalemba?"

Mayiyo anayang'ana pansi. Anali asanalembe, ndipo mpaka lero sanalembe, akuti anthu angamuseke.

Phunziro: Dothi silimva ulemu wa munthu, dzalani zimene malowo angathe kulera, ndipo mverani amene manja ake amakhala m'dothimo. Duwa likafota mudzagula lina, koma mbiri ya munthu wosauka mukaiipitsa mwamulanda chakudya. Tumizirani ena, makamaka amene ali ndi antchito pakhomo.