Maikolofoni ya Akulu a Mpingo

Akulu a mpingo anali ataima kale kutsogolo, Baibulo lili chitsegukire, chala chili pa vesi, pamene abusa anawanong'oneza kuti, "Lero zowerenga tidumphe, bambo. Mneneri wadzazidwa."

Mneneri wake ndi mlendo uja wa nsapato zosongoka ngati akufuna kubaya nazo munthu. Amayi a kwaya akuti suti yake imanunkhira mpaka kubenchi yakumbuyo, koma izo tizisiye.

Iyeyo anali ataitana mwana wamkazi wa akuluwo, uja amadwala khunyu, n'kumuikira beseni la madzi patsogolo.

"Taya mankhwalawo, mwanawe! Womwa mapilisi alibe chikhulupiriro!"

"Ameni!" tchalitchi chonse chinayankha.

"Abusa, zimenezi zalembedwa pati?" akuluwo anafunsa. "Ndiloleni ndiwerenge kaye, anthu adzimvere okha."

"Musatsekereze Mzimu, bambo. Kakhaleni pansi."

Akuluwo anagogoda maikolofoni. Zii. Woimba kiyibodi anali ataithimitsa, ndipo anakweza nyimbo osawayang'ana n'komwe.

Mtsikanayo anatsegula kabotolo kake ka mapilisi n'kutembenukira kwa bambo ake. Mawu sanafike, iwo anangoona milomo ikufunsa kuti, "Ababa, nditaye?"

Bambowo anapukusa mutu mwamphamvu. Koma pambali pa mwanayo panali mayi ake omubereka, manja ali m'mwamba, misozi ili chuchuchu, akukuwa kuti, "Taya, mwanangu, uchire!"

Akuluwo anayamba kuwerenga choncho, mokuwa mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka. Sanadzimve ngakhale eni akewo.

Mapilisi anagwera m'madzi limodzilimodzi, n'kuyamba kusungunuka.