Nyimbo ya Mayi a Nthengu

Padangokhala, kale mbalame zitasonkhana pamkuyu, Nthengu ndi Njiwa anakangana kuti woimba pachisangalalo cha zokolola akhale ndani.

Anayamba ndi Nthengu. Analira ngati Nkhwali, kenako ngati Tambala, n'kutsanzira Njiwa yemweyo mpaka tiana ta Njiwa tinatembenuka kufuna mayi wawo. Mbalame zinalulutira.

Njiwa anaimba kanyimbo kake ka masiku onse, nati, "Achimwene, za eni akezo tamva. Tatiimbirenikoni yanu, ija ankaimba malemu mayi anu."

Nthengu anakumbukira chisa chawo cha mumsuku, fungo la mvula yoyamba, mayi ake akuimba atamufungatira. Anatsegula mlomo, koma anangolira ngati Nkhwali. Anayesanso, kunamveka Tambala.

"Kodi inkayamba bwanji?" anafunsa, misozi ili chuchuchu.

Mbalame zinangoyang'anana. Akuluakulu omwe ankaidziwa anali atamwalira onse.

Nthano yanga yathera pompa.